Injini Ikatentha: Kusaka Gwero la Vuto

Msewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre ndiwo umaulula ngati galimoto ili bwino kapena ikungodzikoka. Ikangowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, chitunda chimayamba ndipo sichipatsa mpata wopumira: kukhota apa, kukhota apo, kukwera mamita pafupifupi 900 kuchoka m'chigwa mpaka mumzinda. Mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa kuchigwa kumafika madigiri 40 n'kupitirira, sizachilendo kupeza minibasi ya Toyota Hiace itaima m'mbali mwa msewu, apaulendo atabalalika kusaka mthunzi, mpando wakutsogolo utatukulidwa, nthunzi ili tolotolo, kondakitala ali pa liwiro ndi chigubu kukafuna madzi. Zomwezi zimaoneka pa Chiweta ku Rumphi ndi pa Khwekhwelere pokwera kuchokera ku Golomoti.

Madzi akathiridwa injini imalira, anthu amakwera, ndipo aliyense amati zatheka. Komatu madzi aja sanangosowa okha. Pali pamene anatulukira, kapena pali chimene chinawawiritsa, ndipo chinthucho chikadali pomwepo pansi pa mpando wa dalaivala. Kuchipatala, munthu akafika thupi likutentha, samuthamangitsira mankhwala a malungo. Amayamba amuyeza magazi, poti kutentha thupi kumadza ndi matenda ambiri. Injini nayo ikatentha imakhala ikudandaula za china chake. Ntchito yagona pa kuchipeza chinthucho, ndipo kawirikawiri galimoto imakhala itachiulula kale kudzera mu nthawi ndi malo amene imatenthera.

Kumene kutentha kumachokera

Injini ya petulo kapena dizilo imayenda ndi moto weniweni. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, silinda iliyonse imayaka ka 25 pa sekondi imodzi, ndipo lawi lake limapitirira madigiri 2,000. Chonsecho aluminiyamu, amene amapangira hedi ya magalimoto ambiri a masiku ano, amasungunuka pa madigiri 660 okha.

Mwa mphamvu yonse imene ili mu petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi. Lachitatu limatsalira m'chitsulo ndipo liyenera kuchotsedwa msangamsanga. Kutentha kwake si kochepa: kuchokera pa lita imodzi ya petulo, gawo limeneli lokha lingathe kufikitsa powira madzi ozizira okwana malita pafupifupi 30. Pamene galimoto yaing'ono monga Corolla kapena Sienta imanyamula madzi malita 5 kapena 6 basi. Madzi ochepawa ayenera kumangozungulira, kutenga kutentha uku n'kukakutaya uko, osaima.

Wota pampu imawakankhira m'tinjira tozungulira masilinda ndi m'kati mwa hedi. Akatentha amatuluka pa paipi yapamwamba kulowa mu rediyeta, m'mene amagawikana m'timachubu tambirimbiri topyapyala. Mphepo ikadutsa pakati pa timachubuto imawaziziritsa, ndipo amabwerera ku injini pa paipi yapansi. Galimoto ikamathamanga mphepoyo imadza yokha. Ikaima, fani ndiyo imaikoka. Pa njirayi pali thermostat, kachitseko kamene kamatsekereza madzi injini ikadali yozizira n'kuwatsegulira ikafunda. Pamwamba pali chotsekera chimene chimapanikiza zonse. Zikamagwirizana, injini imakhazikika pakati pa madigiri 85 ndi 105, kaya kunja kuli chisanu cha Juni kapena dzuwa la Novembala.

Nzeruyi ndi yakale. Wilhelm Maybach wa ku Germany ndiye anakonza rediyeta ya timabowo tambiri imene inaikidwa pa galimoto yoyamba kutchedwa Mercedes mu 1901. Magalimoto ambiri a Ford Model T, amene anayamba kupangidwa mu 1908, analibe pampu n'komwe: madzi otentha ankakwera okha, ozizira n'kumatsika. Volkswagen Beetle inkadalira mphepo yokha, monga zimachitira njinga zamoto zambiri za kabaza. Koma injini za lero n'zazing'ono, zamphamvu ndi zothinana, moti madzi akasokonekera kwa mphindi zochepa chabe, chitsulo chimayamba kuonongeka.

Muvi wa geji ukakwera galimoto ili pamsewu

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene adzaza mu Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, monga Vitz, Sienta, Honda Fit ndi Mazda Demio, alibe geji ya kutentha. Ali ndi kagetsi kokha, kamene kamayaka mtundu wa buluu kapena wobiriwira injini ikadali yozizira, ndi kofiira ikatentha mopyola. Kofiirako sikachenjeza zam'tsogolo. Kamanena zimene zikuchitika kale.

Dalaivala wodziwa amazimitsa AC nthawi yomweyo, chifukwa imalemetsa injini ndi kutenthetsa mphepo yopita ku rediyeta. Amatsegula mawindo n'kuyatsa hita mpaka pamapeto. Hita ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo kamachotsako kutentha kwina pamene iye akusaka malo abwino opatukira. Akaima amazimitsa injini. Mawu akuti "tingofika pa sitolo apo" ndi amene apsereza injini zambiri.

Kenako pamafunika kudekha. Madzi a mu rediyeta yotentha amakhala opanikizika ndipo amatha kufika madigiri 120 osawira. Chotsekera chikangotsegulidwa, amasanduka nthunzi nthawi imodzi n'kufwamphukira kumaso ndi m'manja. Theka la ola ndi nthawi yochepetsetsa yodikira, ndipo paipi yapamwamba ikakhala ikadali gwa poifinya ndi nsalu, nthawi sinakwane. Munthu akapsa, chilonda chithiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20 ndipo apite kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi mafuta zimangoipitsa bala. Injini nayo siifuna madzi ozizira ikadali moto, kaya owaza pamwamba kapena othira m'kati, chifukwa hedi imatha kung'aluka. Ikazizira, amailiza n'kumathira pang'onopang'ono.

Pali msampha umodzi umene wapusitsa ngakhale madalaivala akale. Pa galimoto imene ili ndi geji, muvi ukakwera mpaka pofiira, kenako n'kutsika wokha, munthu amapumira m'mwamba kuti zakhala bwino. Nthawi zambiri ndiye kuti madzi atheratu, ndipo sensa imene imayeza kutentha yatsala pouma, ilibenso choyeza. Hita ikayamba kutulutsa mphepo yozizira, mphamvu n'kuchepa, injini n'kumalira ngati tizitsulo tikugundana, galimotoyo iyenera kuima pomwepo.

Imatentha nthawi yanji?

Makaniko wabwino sayamba ndi sipanala. "Bwana, imatentha muli pati?" amafunsa. "Muli pamzere m'tauni, kapena mukukwera mtunda? Madzi mumathira kangati pa sabata? Alipo anaigwirapo posachedwa?" Mayankho a mafunso amenewa amadula ntchito ndi theka, chifukwa chiwalo chilichonse chili ndi nthawi yake imene chimafunika kwambiri, ndipo chikafooka chimaonekera pa nthawi yomweyo.

Galimoto imene imatentha ili pamzere wa mafuta, pa maloboti, kapena mumsewu wa Masauko Chipembere nthawi yoweruka, koma n'kuzizira ikangoyamba kuthamanga, ikuloza fani. Pothamanga mphepo imakwana. Poima palibe chimene chikuikoka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ili chilirire, boneti ili yotsegula, manja ali kutali, munthu amayatsa AC, ndipo pa magalimoto ambiri fani iyenera kuzungulira pomwepo. Ikapanda kutero amayang'ana fyuzi, kenako relay, kenako mawaya ndi mota ya faniyo. Mota yotopa nthawi zina imadzuka ikagogodedwa pang'ono, ndipo chimenecho n'chizindikiro choti masiku ake atha. Fani ikamazungulira ndi AC koma osadzuka yokha injini ikatentha, vuto lili pa sensa imene imaiuza nthawi yodzuka.

Hilux, Land Cruiser ndi Hiace zambiri zili ndi fani yoyendera lamba, yokhala ndi kachipangizo ka mafuta onanda pakati pake kamene kamaigwiritsa mwamphamvu injini ikatentha. Mafutawo akatha, fani imaoneka ikuzungulira ndithu koma mphepo yake imakhala yosanunkha kanthu. Injini ikazimitsidwa ili yotentha, fani yabwino imalimba poikankha ndi chala. Yotha imangozungulira yokha osafuna kuima. Pa galimoto imene inachitapo ngozi, n'kofunika kuonanso ngati chipulasitiki chozungulira fani chinabwezeredwa, komanso ngati mawaya sanatembenuzidwe. Kapepala koikidwa kutsogolo kwa rediyeta kayenera kukokedwa n'kumatirira. Kakauluzika, fani ikupemerera kolakwika.

Galimoto imene imayenda bwinobwino m'tauni koma n'kutentha pa ulendo wautali kapena pa chitunda ili ndi nkhani ina. Apa mphepo ilipo yambiri, koma rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga. Poyamba amayang'ana kunja. Galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi imasonkhanitsa njere za udzu, tizilombo, matope ndi majumbo pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC, pamalo pamene diso silifika. Tochi yowunikira kuchokera kumbuyo imaonetsa ngati kuwala kukudutsa. Zinyalalazi amazitsuka ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo, kuti tizitsulo topyapyala tisapindike.

Kunja kukakhala koyera, ndiye kuti timachubu tatsekeka m'kati ndi dzimbiri kapena miyala ya m'madzi. Injini ikafunda n'kuzimitsidwa, kiyi atachotsedwa, makaniko amayendetsa dzanja kapena kachipangizo koyezera kutentha patali pa nkhope yonse ya rediyeta. Yabwino imatentha kumene madzi amalowera n'kumazizira pang'onopang'ono kulowera kumene amatulukira. Zigamba zozizira pakati pa malo otentha zimasonyeza pamene madzi sakudutsa. Paipi yapansi nayo imatha kukalamba n'kumafwafwanizika injini ikakwezedwa moto, n'kutsamwitsa pampu. Ndipo pampu imene yakhala zaka m'madzi a dzimbiri imatha kudyeka mapiko, kumazungulira koma osakankha mokwanira.

Nanga yotentha itangoyenda mphindi khumi kuchoka pakhomo? Kawirikawiri ndi thermostat imene yakanirira chitsekere. Injini imakhala moto, koma rediyeta ndi paipi imodzi zimakhala zozizira chifukwa madzi sakuyenda. Zimachitikanso lamba woyendetsa pampu akaduka, ndipo pa injini zambiri kagetsi ka batire kamayakira limodzi, poti lamba yemweyo ndi amene amayendetsa olutaneta.

Palinso galimoto imene siitentha tsiku lililonse, koma imafuna chigubu sabata iliyonse. Madzi a mu injini sapsa ndipo saphwa. Akamachepa, akutuluka penapake. Katoni yoyalidwa pansi pa galimoto usiku imaonetsa pamene pakudontha. Malo odziwika ndi pa zomangira mapaipi, pa msoko pamene thanki ya pulasitiki imalumikizana ndi aluminiyamu wa rediyeta, ndi pa kabowo kakang'ono ka pansi pa wota pampu, kamene opanga anakaika dala kuti kaulule rabala ya m'kati ikatha. Podontha pamatsala mkwasa wouma woyera, wapinki kapena wobiriwira. Kapeti yonyowa kutsogolo, kafungo kotsekemera m'kati ndi galasi lochita nkhungu zimaloza hita. Ming'alu ina imatseguka pokhapokha injini ikatentha, madzi n'kuuma asanafike pansi. Yotereyi imagwidwa ndi pressure tester, kapampu kamanja kamene amamanga pa khosi la rediyeta injini ili yozizira. Akapopa, muvi wake uyenera kuima malo amodzi. Ukamatsika, dontho limaonekera.

Muvi umene ukungokwera ndi kutsika galimoto itangochoka ku galaja nthawi zambiri umatanthauza mpweya umene unatsekeredwa m'kati pothira madzi. Ndipo nthawi zina rediyeta, fani ndi pampu zimakhala zilibe mlandu. Mabuleki ogwira, katundu wopyola muyeso, kukwera phiri ndi giya yaikulu, oyilo wochepa ndi ekizozi yotsekeka zonse zimagwiritsa injini ntchito yoposa mphamvu zake.

Chotsekera ndi madzi a pamjigo

Chotsika mtengo kwambiri pa zonsezi ndi chotsekera cha rediyeta, ndipo n'chimene chimaiwalika. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, yosonyeza mphamvu imene sipuling'i yake imapanikizira madzi. Kufunika kwa kupanikizaku kumaoneka poyang'ana mfundo imodzi: madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, koma malo akamakwera amawira msanga. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mizinda imene ili pa mamita opitirira 1,000, amawira pa madigiri 96 kapena 97. Ku Dedza amawira pa 95. Injini yabwinobwino imafika pamenepo tsiku lililonse. Chotsekera chabwino chimakankhira malire amenewa kufupi ndi madigiri 120.

Rabala ya chotsekera ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, injini yopanda vuto lina lililonse imawiritsa madzi n'kumawataya kudzera m'kathanki kam'mbali. Chotsekera chomwecho chili ndi kavalavu kena kamene kamalola madzi kubwerera mu rediyeta injini ikamazizira. Kakafa, kathanki kamakhala kodzaza pamene rediyeta ili ndi ludzu, ndipo mwini galimoto amene amangosuzumira kathankiko amanyengeka. Nsanza kapena jumbo yotsekera pakhosi pa rediyeta siipanikiza kanthu.

Chothira m'katimo nacho chili ndi nkhani yake. Magalimoto amafika kuchokera ku Japan ali ndi coolant, madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol pamodzi ndi ena oteteza chitsulo. Ambiri amaganiza kuti ntchito yake n'kuletsa madzi kuundana m'chisanu basi, ndiye kuno n'kungotaya ndalama. Zoona, madzi okha amanyamula kutentha bwino. Koma m'kati mwa injini muli chitsulo, aluminiyamu, rabala ndi pulasitiki, ndipo madzi otentha opanda mankhwala amadya zitsulozi mosalekeza. Coolant imaletsa dzimbiri, imateteza rabala ya pampu, ndipo imakweza pang'ono malire owirira.

Madzi a pamjigo amaonjeza vuto lina. Amakhala ndi miyala yosungunuka, ndipo m'madera ena a m'chigwa cha Shire amakhala amchere ndithu. Akatenthedwa, miyalayo imamatirira m'timachubu ta rediyeta n'kumatitseka kamodzikamodzi. Pangozi, madzi oyera alionse amaposa kuyenda opanda madzi, koma ulendo ukatha ayenera kukhuthulidwa, injini kutsukidwa, n'kuthiramo coolant yoyenera. Dzira, ufa kapena sopo zimene ena amathira pofuna kutseka podontha zimakatsekanso timachubu tabwinobwino ndi hita yomwe. Mtundu wa coolant, wofiira, wapinki kapena wobiriwira, sutsimikizira kuti mankhwala ake ndi ofanana, choncho kusakaniza mitundu mwachisawawa kumatha kupanga phala m'kati. Buku la galimoto ndilo limanena yoyenera ndi nthawi yoisinthira.

Ethylene glycol ndi poizoni wotsekemera. Amaononga impso ndipo amapha. Coolant yokhuthulidwa isasiyidwe m'beseni pabwalo pamene pali ana, agalu ndi nkhuku, ndipo isasungidwe m'botolo la zakumwa.

Thermostat yochotsedwa

M'magalaja ambiri a m'makwalala, galimoto ikangotentha chigamulo chimabwera msanga: "Bwana, tingochotsa thermostat. Zimenezi n'za kozizira, kuno sizifunika." Fani nayo amaimanga dayilekiti kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Muvi umatsikadi, mwini galimoto amalipira akumwetulira, ndipo mavuto enieni amayambira pamenepo.

Thermostat ili ndi kabotolo ka phula m'kati mwake. Phulalo likatentha limasungunuka n'kufufuma, n'kukankha kachitseko. Nambala yodindidwa pa chitsulo chake, imene pa injini zambiri za Toyota imakhala 82, ndi madigiri amene imayambira kutseguka. Ntchito yake n'kufunditsa injini msanga ndi kuisunga pa mulingo umodzi. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda m'mawa, ndipo potsetsereka kapena usiku imazizira mopitirira. Kompyuta ya galimoto ikaona choncho imapitiriza kuthira mafuta ambiri monga imachitira injini ikangodzuka kumene. Petulo amatha msanga, wina amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, ndipo masilinda amaperepeseka nthawi isanakwane.

Pa injini zambiri palinso china. Thermostat ikamatsegula njira ya ku rediyeta, kumbuyo kwake imatseka kanjira kachidule kamene madzi amazungulira injini ikadali yozizira. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala pululu nthawi zonse, ndipo madzi ena amangozungulira m'kati osafika ku rediyeta. Galimoto yotere imayenda yozizira m'tauni koma n'kuwira pa phiri. Pamwamba pa zonsezi, rediyeta yotsekeka kapena fani yofooka imene inayambitsa nkhaniyi imakhala isanakhudzidwe.

Chonsecho kuyesa thermostat sikulira zambiri. Amaimangirira ku kachingwe, kuiviika m'poto wa madzi pamoto pamodzi ndi choyezera kutentha, n'kumayang'ana. Iyenera kuyamba kutseguka pafupi ndi nambala yake, kutseguka yonse madzi asanawire, n'kutsekanso ikazizira. Yolephera mayeso amenewa imasinthidwa ndi ina ya nambala yomweyo.

Gasiketi ikapsa

Pakati pa hedi ndi buloko pali gasiketi yopyapyala imene imalekanitsa zinthu zitatu zosayenera kukumana: moto, madzi ndi oyilo. Injini ikatentha mopyola, aluminiyamu amafufuma kwambiri, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chitsulo, ndipo hedi imapindika. Kupindikako sikuoneka ndi maso. Pa injini zambiri za Toyota, mpata woposa mamilimita 0.05 pansi pa rula yachitsulo yoyezera ndi wokwanira kuti hedi ikanidwe.

Gasiketi ikaboola, mpweya wa m'silinda umalowa m'madzi. Injini ili yozizira, chotsekera chitachotsedwa, thovu limatuluka mosalekeza pakhosi pa rediyeta itangolizidwa. Mapaipi amauma gwa pasanathe mphindi zingapo. Madzi amatha koma pansi pali pouma. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wochindikala, wa kafungo kotsekemera, umene sutha ngakhale injini itafunda; uwu ndi wosiyana ndi nthunzi yopepuka ya m'mawa wa Juni imene imatha yokha. Injini imanjenjemera podzuka, ndipo pulagi ya silinda imene mukulowa madzi imakhala yoyera mbee kusiyana ndi zinzake. Madzi akafika mu oyilo, pa ndodo yoyezera pamatuluka zinthu zotuwa, zonanda. Koma gasiketi imatha kupsa oyilo ali bwinobwino, ndipo tinthu toyera pang'ono pansi pa chotsekera cha oyilo timapezekanso pa galimoto imene imangoyenda maulendo afupiafupi.

N'chifukwa chake makaniko wosamala samasula hedi asanayeze. Pali kabotolo koyezera kamene amaika pakhosi pa rediyeta, kokhala ndi madzi a buluu. Mpweya wochokera mu rediyeta ukadutsamo, madziwo amasanduka achikasu kapena obiriwira ngati muli utsi wa mu silinda. Kuyeza mphamvu ya silinda iliyonse kumaonetsanso pamene pathawira mpweya, makamaka masilinda awiri oyandikana akakhala ofooka limodzi. Pa galimoto ya otomatiki pamafunika kusamala kwina: mafuta a giyabokosi amadutsa m'kachubu ka m'kati mwa rediyeta, ndipo kachubuko kakaboola madzi amasanduka apinki onanda gasiketi ili bwinobwino.

Ikatsimikizika kuti yapsa, gasiketi yatsopano yokha siikwanira. Hedi imapita kwa a makina kukayezedwa ngati ili ndi mng'alu ndi kukapalidwa kuti ikhale yosalala. Pobwezera, mabawuti amamangidwa motsata ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu. Oyilo amasinthidwa. Ndipo funso loyamba lija liyenera kuyankhidwa galimoto isanatuluke pa geti: chinaitenthetsa n'chiyani? Gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa cha chinthu china chaching'ono chimene chinayamba kale, ndipo chikasiyidwa, yatsopanoyo imapsanso. Amene amapitiriza kuyenda ndi gasiketi yakupsa amafika pamene amakaniko amati injini yanoka: oyilo wosakanikirana ndi madzi amadya mabering'i, kapena mapisitoni amafufuma n'kugwira m'masilinda, ndipo chotsala chimakhala kusaka injini ina.

Galimoto yongofika kumene

Magalimoto ambiri amene amalowa m'dziko kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe amakhala atatha zaka khumi kapena kuposerapo. Penti imawala, makilomita amaoneka ochepa, koma rabala ndi pulasitiki zimakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itakhala chiimire. Mapaipi, chotsekera ndi thanki ya rediyeta zimakhala zomwe inatuluka nazo ku fakitale. Thanki yakuda imene yayamba kuoneka yofiirira kapena yobiriwirako yauma kale ndipo ili pafupi kusweka. Paipi yofewa kwambiri, yotupa pafupi ndi chomangira, kapena yochita ming'alu poifinya, ndi yofunika kusintha ulendo wautali usanayambe. Wogula galimoto kwa mnzake m'dziko momwemo ali ndi zina zoti aone: ngati fani ikuyamba kuzungulira kiyi akangotembenuzidwa, ngati kagetsi ka buluu kakuchedwa kuzima, ndi ngati mu rediyeta muli coolant kapena madzi ofiira ndi dzimbiri.

Kwa galimoto ya tsiku ndi tsiku, kuyendera kwake kumatenga mphindi zochepa m'mawa injini isanalizidwe. Madzi a m'kathanki kam'mbali ayenera kukhala pakati pa mizere iwiri, ndipo kamodzi pa mwezi chotsekera chitsegulidwe kuti rediyeta yeniyeniyo ioneke ngati ili yodzaza mpaka m'khosi. Ena amalemba kamzere ndi cholembera pa kathankiko kuti adziwe pamene madzi analekezera. Akapeza kuti atsika masabata awiri otsatizana, amapita nayo kukaipopa ndi pressure tester sabata yomweyo, dontho likadali pa chomangira chimodzi kapena pa chotsekera.